Makina oboolera oimirira otsika mtengo akayamba kuvuta: poyambira kufufuza

Madandaulo a anthu amene agula makina oboolera oimirira, aja otsika mtengo, amangofanana. Uyu akuti chaki chagwa sabata isanathe, uyo akuti biti ikuvina, winayo akuti mabiti akungopsa pa chitsulo chomwe mnzake amachiboola ndi makina a m'manja osatuluka ndi thukuta lomwe. Onse amathera pa mawu amodzi: andigulitsa feki. Nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma kawirikawiri makinawo mlandu wake umakhala wochepa. Amatuluka m'katoni ali ndi girisi pamalo posafunika girisi, mabawuti ali omangidwa mwachisawawa, lamba ali pa liwiro losagwirizana ndi ntchito yanu, ndipo wogulitsa sakuuzani kuti zonsezi muyenera kuzikonza nokha musanaboole bowo loyamba.

Ndikunena za makina aja oika pa benchi amene m'masitolo amawalemba kuti pillar drill, drill press kapena bench drill. Ambiri ali ndi mota ya pakati pa 350W ndi 500W, chaki chogwira biti mpaka ya 13mm, ndi maliwiro 5 osintha posuntha lamba. Okulirapo ali ndi chaki cha 16mm, mapule atatu (mawilo omwe lamba amayendapo), ndi maliwiro 12 kapena 16. Mayina ndi utoto zimasiyana, koma kapangidwe ka mkati n'kofanana, ndiye matenda awonso ndi amodzimodzi.

Kuti timvane: biti ndi kachitsulo kamene kamaboola, ndipo chaki ndi chija cha mano atatu chogwira biti. Shafuti ndi chitsulo chozungulira chomwe chaki chimalowapo. Shafutiyo imakhala mkati mwa chitsulo chonga paipi chimene chimatsika mukakoka chogwirira. M'timabuku ta makina amachilemba kuti quill, ndipo nanenso ndizichitchula choncho.

Pa vuto lililonse ndayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri, n'kutsiriza ndi cha apo ndi apo. Musanatsekule chivundikiro cha lamba kapena kugwira chaki, zulani pulagi pakhoma. Kuzimitsa pa swichi pokha sikokwanira.

## Chaki chikugwa chokha

Chaki sichimangidwa ndi bawuti iliyonse. Nsonga ya shafuti ndi yosongoka pang'ono, bowo la chaki nalonso ndi losongoka chimodzimodzi, ndipo ziwirizi zimangokanikizana n'kugwirana monga momwe msuka wa khasu umagwirira mumpini. Chilichonse cholowa pakati pake, ngakhale kadontho ka oyilo, chimathetsa kugwiranako.

1. Girisi wa kufakitale sanapukutidwe. Amapaka kuti makina asachite dzimbiri paulendo ndi posungira. Pukutani nsonga ya shafuti ndi mkati mwa chaki ndi kansalu koyera konyowetsa thinazi, mpaka kansaluko kazituluka kopanda banga. Siyani ziume, ndipo musapakepo china chilichonse.
2. Sichinakhomedwe mokwanira. Tsekulani chaki mpaka mano onse atatu abisale mkati. Mukakhoma mano ali kunja, mwachipha. Chikankhireni m'mwamba mochipotoza pang'ono, ikani chipika cha thabwa lolimba pa tebulo la makina, kenaka tsitsani chogwirira mwamphamvu kuti chaki chidinde pa thabwalo. Njira ina ndi kuchimenya kamodzi kokha, thabwa lili pakati, hamala osakhudza chaki. Amisiri ena amayamba achiyanika padzuwa kuti chitenthe n'kufufuma pang'ono, ndipo chikazizirira pa shafuti chimagwira zolimba. M'mwezi wa Okutobala njira imeneyi ndi yaulere.
3. Mukukankhira ntchito cham'mbali. Kukuza bowo pogwedeza chitsulo, kusema mzere ndi biti, kupala thabwa ndi chozungulira cha sandipepa: zonsezi zimasukusa chaki pang'onopang'ono. Makinawa anawapangira kukankha molunjika pansi basi.
4. Pali chipsera. Chaki chikaterereka pa shafuti kangapo chisanagwe, chimasiya mizere yotukuka. Yendetsanipo chikhadabo. Pomwe chakodwa, palani ndi sandipepa yosalala kwambiri, pokhapo basi.

Pa makina okulirapo pamakhala chitsulo china pakati pa chaki ndi shafuti, chosongoka mbali zonse ziwiri, nthawi zambiri cha saizi ya MT2. Kumtunda kwake kuli kalilime kophwatalala koyenera kulowa pampata wake. Chizungulitseni mpaka mumve kuti chakhala, kenaka mukhome.

Lekerani pomwepo ngati mwapukuta, mwakhoma, koma chikugwabe. Musawotcherere chaki ku shafuti, musathirepo guluu. Kuwotcherera kumapotoza shafuti ndi kupsereza maberingi, ndipo pamenepo makina onse atha. Pitani nazo kwa mmisiri wokhala ndi lathe, makina osemera zitsulo mozizungulitsa, akaone ngati zosongokazo zikugwirizana.

## Biti ikuvina, kapena bowo likutuluka lalikulu kuposa biti

1. Biti yapindika. Mabiti a mu seti yotchipa ena amakhala opindika kale ali atsopano. Igubuduzeni pa galasi. Ikamadumpha, itayeni.
2. Yalowa pakati pa mano awiri m'malo molowa pakati pa onse atatu. Zimachitika kwambiri ndi timabiti ta 3mm kutsika m'munsi. Tsekani chaki kaye mpaka pangotsala kampata, lowetsani biti, ndipo pomanga lowetsani kiyi m'mabowo onse atatu, osati limodzi lokha.
3. Inanoledwa mopendekeka. Nsonga ya biti ili ndi milomo iwiri yodula. Umodzi ukatalika kuposa unzake, biti imazungulira mokhota ndipo bowo limakula ngakhale makina akhale abwino chotani. Yang'anani zinyenyeswa: biti yonoledwa bwino imatulutsa timizere tiwiri tofanana, mbali iyi ndi mbali iyo. Zikamatuluka mbali imodzi yokha, vuto ndi kanoledwe.
4. Chaki chinakhala mopendekeka chifukwa cha kamchenga kapena utuchi womwe unatsalira pochikhoma. Chichotseni, pukutani, bwezerani.
5. Quill ikugwedera m'mutu wa makina. Itsitseni mpaka pamapeto, gwirani chaki, gwedezani kutsogolo ndi kumbuyo. Makina ambiri ali ndi kabawuti kokhala ndi nati pambali pa mutu, komwe nsonga yake imayenda mu mzere wa pa quill. Masulani nati, mangani kabawutiko pang'onopang'ono mpaka kugwederako kuchepe koma quill ikuyendabe bwino, kenaka mangani nati. Ngati kabawutiko palibe, kwezani tebulo kuti biti iyambire pafupi ndi ntchito. Quill ikatsika pang'ono imagwederanso pang'ono.
6. Shafuti yapindika kapena maberingi atha.

Kuti mudziwe ngati wolakwa ndi chaki kapena shafuti simufunika chipangizo chodula. Pemphani valavu yakale ya injini, yosapindika, kwa makaniko. Mwendo wake umakhala wowongoka bwino. Imangeni m'chaki, yimikani pensulo pa tebulo nsonga ikungotsala pang'ono kukhudza mwendowo, ndipo zungulitsani ndi dzanja pule ya kutsogolo, ija ya pamwamba pa shafuti. Pomwe pakhudza, ikani chizindikiro pa chaki ndi pa pule ya kutsogolo. Chotsani chaki, chibwezereni chitatembenuka theka, yesaninso. Pokhudza paja pakatsatira chizindikiro cha pa chaki, gulani chaki china. Zilipo, koma onetsetsani kuti nambala ya bowo lake, monga B16 kapena JT33, ikufanana ndi ya chakalecho. Pakatsatira chizindikiro cha pa pule, vuto lili pa shafuti. Makina akakhala atsopano, abwezeni komwe munagula lisiti lisanasowe. Kuwongola shafuti si ntchito ya pakhomo.

Kugwedera kochepa kwambiri, kongoonekera mukayang'anitsitsa, musavutike nako. Pa mtengo umenewu ndi momwe alili, ndipo pa mafelemu a mawindo kapena mipando palibe adzazindikire.

## Biti ikupsa, ikulira, sikudya chitsulo

Ili ndiye vuto lomwe limadya ndalama zambiri, chifukwa munthu amangogula biti ina, n'kupsanso, n'kugulanso ina.

1. Liwiro lakwera kwambiri. Mota ya makinawa imazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi nthawi zonse, ndipo chosintha liwiro la biti ndi malo a lamba. Ambiri lamba amamusiya pomwe anamupeza tsiku logula. Kuti biti izungulire pang'onopang'ono, lamba akhale pa gawo laling'ono la pule ya mota ndi pa gawo lalikulu la pule ya kutsogolo. Mkati mwa chivundikiro mumakhala chithunzi chosonyeza zimenezi.

Biti ikamakula, liwiro lizitsika. Pa chitsulo wamba, monga angle iron, flat bar ndi machubu a mageti, ndi biti wamba yoboolera zitsulo, yotchedwa HSS, gawani 8,000 ndi kukula kwa biti mu mamilimita, ndipo yankho lake ndi rpm, maulendo omwe biti izizungulira pa mphindi:

- 3mm: pafupifupi 2,600 rpm
- 6mm: 1,300 rpm
- 10mm: 800 rpm
- 13mm: 600 rpm
- 16mm: 500 rpm

Pa stainless steel gawani 3,000 m'malo mwa 8,000. Pa aluminiyamu mutha kuwirikiza kawiri liwiro la pa chitsulo wamba. Mukakayika, sankhani liwiro lotsika. Biti siipsa chifukwa choyenda pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene makina a maliwiro 5 amaonekera malire ake. Liwiro lawo lotsikitsitsa limakhala pakati pa 500 ndi 600 rpm. Ndi lokwanira pa biti ya 13mm mu chitsulo wamba, koma biti ya 10mm mu stainless imafuna 300, ndipo hole saw (sowo yobulungira yodulira mabowo akuluakulu) ya 50mm mu chitsulo imafuna pafupifupi 160. Pamenepo palibe bawuti yoti mumange kapena oyilo woti muthire kuti zitheke. Makinawo sanafe, kungoti ntchitoyo si yawo. Ine ndimaona kuti nambala ya liwiro lotsikitsitsa ndi yofunika kuposa ya mawati yomwe amailemba ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni.

2. Biti yabuntha. Yang'anani makona a kunja kwa milomo. Akakhala obulungira kapena asanduka abuluu, yatha. Noleni pa girayinda, ndipo muziiviika m'madzi pafupipafupi isanatenthe kwambiri. Mabiti wamba nsonga yake imakhala ya madigiri 118.

3. Mukusisita m'malo modula. Kukanikiza mwamantha kumapha biti msanga kuposa kukanikiza mwamphamvu. Biti ikamangozungulira pamwamba osatulutsa zinyenyeswa, imatentha, ndipo pa stainless malo omwewo amalimba mwakuti ngakhale biti yatsopano imakanika. Kanikizani mpaka muone timizere tikutuluka, ndipo musaleke.

4. Simukuthira oyilo. Oyilo wodulira zitsulo ndiye woyenera. Akasowa, madontho a oyilo wa injini watsopano ndi abwino kusiyana ndi kuboola pouma. Oyilo wakuda wokhetsa m'galimoto ayi: utsi wake mukuupuma ndinu. Pa aluminiyamu palafini amathandiza kuti zinyenyeswa zisamatirire ku biti. Chitsulo cha cast iron chimabooledwa chouma.

5. Simunayambe ndi bowo laling'ono. Pakatikati pa nsonga ya biti yaikulu sipadula, pamangokankha. Pa bowo la 10mm kupita m'mwamba yambani ndi biti ya 4mm.

6. Chitsulocho n'cholimba kuposa biti. Masipuling'i a galimoto aja amisiri amasulira nkhwangwa ndi zikwanje, mafayilo akale, malo owotcherera, ngakhalenso zitsulo zina zomangira nyumba za Y12, zimagonjetsa biti wamba. Chiyeseni ndi fayilo. Fayilo ikamangoterereka osadya, biti ya HSS nayonso siidya. Mabiti a cobalt amathandiza pa zina, pa liwiro lotsika.

7. Biti si ya ntchito imeneyo. Ya khoma, ija yokhala ndi kamutu kophwatalala kunsonga, siiboola chitsulo.

Pa matabwa nkhani ndi yomweyo. Paini amalola liwiro lokwera, koma mlombwa ndi mbawa zikafuka utsi n'kuda m'mphepete mwa bowo, tsitsani liwiro ndipo muzikweza biti pafupipafupi kuti utuchi utuluke. Biti ya 35mm ya mahinji a makabati iziyenda pa liwiro lotsikitsitsa lomwe makina anu ali nalo.

## Biti yaima koma mota ikuzungulirabe

Ikani chizindikiro cha choko pa biti, pa chaki ndi pa pule, kuti muone chomwe chikuterereka.

1. Lamba wakhwefuka. Lamba watsopano amatamuka m'masabata oyambirira. Masulani zomangira mota, ikankhireni kumbuyo, mangani. Mukadina pakati pa lamba ndi chala chachikulu, azilowa pafupifupi sentimita imodzi.
2. Biti ikuterereka m'chaki. Mudzaona mizere yozungulira pa tsinde lake. Mangani m'mabowo onse atatu.
3. Lamba wanyowa oyilo, kapena wasalala n'kuyamba kunyezimira. Pukutani mapule, sinthani lamba.
4. Kabawuti ka pule kamasuka, ndiye shafuti ya mota ikuzungulira yokha mkati mwa pule. Kamamangidwa ndi allen key, ndipo kayenera kudinda pamalo ophwatalala a shafuti.
5. Chaki chikuterereka pa shafuti. Bwererani ku gawo loyamba chisanasiye zipsera.

Musamange lamba mopitirira poganiza kuti mukuwonjezera mphamvu. Biti ikakodwa, kuli bwino lamba aterereke kusiyana ndi kuti mota ipse.

## Mukadina batani lobiriwira, kuli zii

1. Soketi kapena fyuzi ya mu pulagi. Yesani chipangizo china pa soketi yomweyo.
2. Chivundikiro cha lamba sichinatsekeke bwino. Makina ambiri ali ndi kaswichi kobisika pamenepo, ena kalinso pa chotchinga cha pulasitiki cha pa chaki. Chivundikiro chikapindika pang'ono paulendo, kaswichiko sikadinika.
3. Batani lofiira la ngozi latsekeka. Limafuna kupotoza kapena kukankhira cham'mbali kuti limasuke.
4. Akuyaka mukadina, mukachotsa chala akuzima. Swichi ya makinawa ili ndi maginito mkati omwe amagwira pokhapokha magetsi akakhala okwanira. Madzulo, aliyense akuphika, mphamvu imatsika m'madera ambiri ndipo swichi imalephera kugwira. Yesaninso m'mawa. Ikakanabe, swichiyo yafa.

Ena swichi ikafa amaikapo ya nyale za m'nyumba. Musatero. Swichi yeniyeniyo anaipanga kuti magetsi akathima n'kubweranso, makina asayambe okha. Kwathu kuno, komwe magetsi amatha kuthima muli pakati pa bowo n'kubwera mwana akusewera pafupi kapena inu mukusintha biti, swichi imeneyi ndi yosachita kufunsa. Funani ya mtundu womwewo, ndipo akuikireni wodziwa zamagetsi.

## Mota ikungong'ung'udza osazungulira

Zimitsani nthawi yomweyo. Mota yoima magetsi akulowa imatentha m'masekondi ochepa, ndipo mawaya a mkati amapsa.

1. Waya wa ekisitenshoni ndi wautali komanso woonda. Waya wa nyale wolumikizalumikiza kuchokera m'nyumba mpaka kuseri kwa khitchini amadya mphamvu panjira. Yesani makina pa soketi ya pakhoma penipeni. Akayaka, gulani waya wa 1.5mm² kapena 2.5mm² wa mawaya atatu, ndipo muzimutambasula yense, osamusiya ali chikulungire.
2. Magetsi atsika mphamvu. Mababu akuwala mofiira? Dikirani.
3. Lamba wamangika kwambiri, kapena china chagwira. Chotsani lamba, zungulitsani pule ya mota ndi ya kutsogolo ndi dzanja, iliyonse payokha. Zonse ziziyenda mosavuta.
4. Jenereta kapena inverter ndi yaing'ono. Poyamba kuzungulira, mota ya mtundu uwu imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa omwe alembedwa pa chikwangwani chake. Kajenereta kongoyatsira nyale ndi wailesi ya kanema kakhoza kukanika mota ya 350W.
5. Kapasita yafa. Imakhala m'kabokosi ka pambali pa mota kapena m'mutu wa makina, ndipo ndi imene imapatsa mota poyambira. Lamba atachotsedwa, magetsi ali bwino, koma mota ikungong'ung'udzabe, kawirikawiri ndi imeneyi. Nthawi zina imaoneka yotupa kapena yotuluka mafuta.
6. Mawaya a mkati mwa mota apsa. Fungo lake silibisika.

Nambala 5 ndi 6 ndi za wamagetsi. Kapasita imasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Yatsopano iyenera kukhala ya µF (mlingo wolembedwa pa kapasitayo) zofanana ndi yakale, ndipo mavolti ake asachepere. Ndaonapo anthu akuyambitsa mota yotere pozungulitsa chaki ndi dzanja magetsi ali oyatsa. Imayambadi, koma zala zili pomwepo. Mota ikapsa, funsani kaye mtengo kwa amisiri okulunga mamota musanaisiye, chifukwa pa timakina tating'onoti kukulunga kumatha kuyandikira mtengo wa mota ina.

## Makina akugwira shoko

Ngakhale kukhale kunyerenyetsa kochepa chabe, zulani pulagi ndipo musawagwiritsenso ntchito mpaka awaone wamagetsi. Makinawa ndi achitsulo thupi lonse, ndipo ambirife timagwira ntchito pa simenti kapena pa dothi, nthawi zina titavala patapata.

Chomwe chimachititsa kawirikawiri ndi waya wa ethi, uja wopititsa pansi magetsi otayika, wosalumikizidwa. Makina obwera kuchokera ku South Africa amakhala ndi pulagi ya mapini obulungira, pomwe masoketi a ku Malawi ndi a mapini atatu a makona. Munthu amangodula pulagi, n'kutsomeka mawaya awiri mu soketi ndi timitengo ta machesi, wachitatu uja wa girini ndi chikasu ali lende. Wachitatuyo ndi amene amateteza moyo wanu. Ikani pulagi yeniyeni: waya wa bulawuni ku fyuzi, wa buluu mbali inayo, wa girini ndi chikasu ku pini yaitali ya pamwamba. Koma kulumikiza ethi sikuchotsa chomwe chikutayitsa magetsi, kaya ndi waya wosupuka polowa m'mutu wa makina kaya ndi chinyezi mu mota, ndiponso soketi yanuyo ikhoza kukhala yopanda ethi. Zimenezo zimafuna woyeza ndi mita.

Bureka, swichi ija ya pa bokosi la magetsi yozima yokha pakavuta, ikamagwa nthawi iliyonse mukayatsa, ulendo ndi womwewo wa kwa wamagetsi.

## Bowo likupendekeka

1. Tebulo silinakhale bwino. Manambala a madigiri a pansi pa tebulo musawakhulupirire. Mangani biti yaitali yowongoka m'chaki, yimikani sikweya pa tebulo, yang'anani mpata kumanja, kumanzere, kutsogolo. Njira yoposa apo: pindani waya wolimba ngati chilembo Z, mangani mbali imodzi m'chaki, tsitsani mpaka nsonga inayo ingokhudza tebulo, ndipo zungulitsani ndi dzanja. Izikhudza mofanana mbali zonse. Kumanja ndi kumanzere mumakonza pomasula bawuti yaikulu ya pansi pa tebulo.
2. Tebulo likuweramira kutsogolo mukakanikiza. Matebulo a makina otchipa ndi opyapyala. Ikani chipika kapena jeke yaing'ono ya galimoto pansi pake kuti lisagonje. Ngati ndi lowerama kale osakanikiza, mangirirani thabwa pamwamba pake n'kulikweza kutsogolo ndi tizidutswa ta chitini.
3. Zinyenyeswa zatsalira pansi pa ntchito. Sesani ndi burashi, osati ndi dzanja.
4. Biti inathawa poyamba. Dindani kaye ndi panchi, kachitsulo kosongoka kokhomera kadzenje poyambira biti. Pa paipi yobulungira semani thabwa ngati chilembo V kuti paipiyo ikhalemo.

## Chitsulo chikulandidwa m'manja n'kuyamba kuzungulira

Zimachitika biti ikamatulukira kunsi, makamaka pa malata ndi zitsulo zopyapyala. Biti imakodwa, chitsulo chimakwera nayo, ndipo kanthu komwe munakagwira ndi zala ziwiri kamasanduka mpeni wozungulira ka 600 pa mphindi. Mankhwala ake ndi amodzi: panani ntchito ndi vayisi kapena kilampu, ndipo vayisiyo imangidwe ku tebulo. Chitsulo chikakhala chachitali, chitsamizeni kumanzere kwa mzati, chifukwa biti ikachilanda imachikankhira komweko ndipo mzati umachigwira. Ikani thabwa pansi, ndipo mukamva kuti biti yatsala pang'ono kutulukira, chepetsani mphamvu. Pa malata, biti ya masitepe ndiyo yabwino.

Magolovesi sayenera pa makina awa. Chaki chikakola golovesi chimakoka ndi dzanja lomwe. Chimodzimodzi manja a malaya olendewera, nsonga ya chitenje, tsitsi lalitali losamanga. Magalasi oteteza maso valani. Kiyi wa chaki musamusiye m'chaki ngakhale kwa kanthawi.

## Chogwirira sichibwerera m'mwamba, kapena chikulimba

Yambani ndi zosaopsa. Tsitsani quill, pukutani girisi wouma ndi fumbi ndi palafini, pakani oyilo wopepuka. Onani ngati kabawuti ka pambali kaja simunakamange mopitirira, ngati manati oyezera kuya kwa bowo sanakodwe, ndiponso ngati manati awiri a pa kachivundikiro ka sipuling'i, kumanzere kwa mutu, sakukapanikiza.

Zonsezi zikakhala bwino, sipuling'i yafooka kapena yaduka. Ndi chitsulo chopyapyala chakuthwa chokulungidwa mwamphamvu, ndipo chikapulumuka chimacheka. Kuilimbitsa kumatheka: valani magalasi, gwirani kachivundikiro zolimba, masulani manati pang'ono osawachotsa, kakokereni kunja kuti kachoke pampata wake, kapotozeni mpata umodzi mbali yomwe ikulimba, kabwezereni. Ngati yaduka kapena yatuluka m'kachivundikiro, musalimbane nayo. Amagulitsa yokulunga kale m'kachivundikiro kake.

## Kunjenjemera ndi phokoso

Mangirirani makina ku benchi ndi mabawuti. Mutu wake ndi wolemera ndipo amagwa mosavuta. Kenaka fufuzani izi: chivundikiro cha lamba chomwe chikungogogoda, mabawuti a mota, tibawuti tiwiri togwiritsa mutu ku mzati, mapule osayang'anizana, ndi lamba yemwe anauma ali chipindire m'katoni. Chotsani lamba, yatsani mota yokha. Phokoso likatha, vuto ndi lamba kapena mbali ya kutsogolo. Kukhuluza kosalekeza pamodzi ndi kutentha pafupi ndi chaki ndi maberingi. Nambala yake imalembedwa pa beringi pomwepo ndipo amapezeka kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto, koma kuwatulutsa osapinda shafuti kumafuna makaniko wokhala ndi chokokera.

Nyengo ya mvula mzati ndi tebulo zimachita dzimbiri msanga, mpaka tebulo kukana kukwera. Palafini ndi sitiliwulu zimachotsa. Pa mzati pakani oyilo pang'ono. Pa tebulo pakani polishi wa pansi wopanda mtundu, chifukwa oyilo amadetsa matabwa.

## Ngati simunagulebe

Zambiri zomwe zili pamwambapa zimakonzeka pakhomo. Zosakonzeka ndi izi, ndiye muzione ndalama zikadali m'thumba:

- Liwiro lotsikitsitsa. Tsekulani chivundikiro muwerenge nokha. Ngati ntchito yanu ndi mageti, mafelemu ndi mabowo akuluakulu mu chitsulo, funani makina a mapule atatu otsika kufika cha m'ma 200 kapena 300 rpm. Wa matabwa ndi mabowo ang'onoang'ono, a maliwiro 5 amukwanira.
- Kugwedera kwa quill. Itsitseni yonse, gwedezani. Makina awiri a dzina limodzi pa shelefu imodzi amatha kusiyana, ndiye pemphani kuti muyese omwe mutenge, osati a pachionetsero okha.
- Kutalika komwe quill imatsika. Pa ang'onoang'ono ndi 50mm basi. Thabwa lokhuthala 75mm, monga mwendo wa tebulo, silibooleka ulendo umodzi.
- Mpata wa pakati pa mzati ndi biti. Umenewu ndi umene umanena kutalika komwe bowo lingalowe kuchokera m'mphepete mwa thabwa.
- Chikwangwani cha pa mota. Chizinena 220V mpaka 240V, 50Hz. Makina a kaunjika ochokera ku America amakhala a 120V, ndipo akale a m'mafakitale ambiri ndi a three phase, 380V kapena 400V, omwe sayaka pa magetsi a m'nyumba wamba.

Auzeni ayatse muli pomwepo, mumve kulira kwake, muonenso kuti kiyi wa chaki ali m'katoni. Pa bajeti yanu siyanipo ya vayisi ndi ya mabiti ochepa abwino a saizi zomwe mumagwiritsa ntchito kawirikawiri. Nambala ya lamba imalembedwa kumsana kwake ndipo imafufutika msanga, choncho ikopereni mkati mwa chivundikiro ndi cholembera chosafufutika tsiku lomwelo, ndipo ngati m'sitolomo muli wa saizi imeneyo, tengani wa sipeya.